Mizere Iwiri ya M'buku la Divizhoni

Chaka chachinayi chikhalire changa ku Glasgow, a ku ofesi anandiwonjezera munthu wina pa mndandanda wa okalamba amene ndinkawayendera. Ntchito yanga inali yosamalira okalamba m'makomo mwawo, imene tonse kuno timangoti keya. Ndinkanyamuka ku Govanhill m'mamawa, basi mpaka m'tauni, kenako sitima ya pansi panthaka mpaka ku Partick. Papepala panalembedwa zochepa: bambo wa zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi, akazi awo anamwalira, amakhala okha, maso akufooka, miyendo imatupa. M'mawa kuwasambitsa, kuwaveka ndi kuwamwetsa mankhwala. Masana kuwatenthetsera chakudya.

Amene ankapitako ine ndisanayambe anali mnzanga wina wa ku Poland, mayi wolimbikira ntchito, wosadziwa kudandaula. Ndinadabwa kumva kuti anachita kupempha yekha kuti amuchotseko. Titakumana pa siteji ya basi ndinamufunsa ngati nkhalambayo inali yovuta.

"Sivuta ayi," anatero. "Ndi munthu waulemu. Amathokoza chilichonse."

"Nanga bwanji?"

"Ukaone buku limene limakhala pambali pa mpando wake. Agogo anga anawaona anthu amenewo ndi maso awo. Ine sindingamusambitse."

Basi yake inafika, nkhani n'kuthera pomwepo.

Fulati ya bambowo inali pamwamba penipeni pa nyumba yakale yamiyala yofiirira, masitepe ake odyeka pakati chifukwa cha mapazi a anthu. Ndinawapeza atakhala pampando pafupi ndi windo, atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera. Anali munthu wamtali amene ukalamba unamupinda, wa manja akuluakulu ngati a mlimi. Ankalankhula Chingerezi cha ku Glasgow chenicheni, chothamanga ndi chomeza mawu, koma pansi pake pankamveka lilime lina.

"Kwanu n'kuti, mayi?" anandifunsa.

"Ku Malawi, bambo."

"Kumeneko ngolo zimakokedwa ndi chiyani?"

Ndinaseka, chifukwa ku Scotland konse kunalibe munthu amene anandifunsapo funso lotere. Ndinawauza kuti kwathu ku Ntcheu bambo anga anali ndi ngolo ya ng'ombe ziwiri, yotutira mbatata ya kachewere kuchokera kudimba. Nkhope yawo inawala. Anafuna kudziwa kuti goli tinkalisema ndi mtengo wanji, ndiponso kuti ng'ombe ikanyuka pakhosi tinkaipaka chiyani. Tsiku limenelo ndinachedwa kwa munthu wotsatira.

Tsiku lachiwiri, powasambitsa, ndinaona chipsera chachikulu kuyambira m'chiuno kutsika ntchafu yakumanzere, mnofu utalowa mkati ngati munthu anautapa ndi supuni. Sindinafunse. Iwo anaona kuti dzanja langa laima.

"Chimenecho n'cha ku Rasha," anatero. "Ndinali msilikali wa Jeremani. Ndi bwino mudziwiretu. Ena akadziwa sabweranso."

Za nkhondo imeneyo, yachiwiri ya padziko lonse, ine ndinkangodziwa za kusukulu, zimene tinaloweza kuti tikhoze mayeso. Ndinati ndamva, n'kupitiriza kuwapukuta kumsana.

Buku lija ndinaliona. Linali lochindikala, lachikuto chotuwa, lolembedwa m'Chijeremani. Anandiuza kuti linalembedwa ndi akuluakulu a gulu lawo la nkhondo amene anapulumuka, nkhondo itatha, kuti asunge mbiri ya gululo. Gululo ankalitchula kuti divizhoni. Maso awo anali atasiya kuona zilembo, ine Chijeremani sindichidziwa, ndiye bukulo linalibe woliwerenga m'nyumbamo. Koma masana, supu ili pa sitovu, ankandipempha kuti ndiwatsegulire tsamba lina lopinda limene linali kumapeto. Likafunyululidwa linkadzaza tebulo lonse. Panali timabokosi tambirimbiri tolumikizana ndi mizere, kamodzi pamwamba, ena pansi pake, ena pansi pa amenewo. Ankayendetsapo chala osaona, chifukwa ankalidziwa pamtima.

Nthawi zonse ankayambira pansi.

"Amuna khumi," ankatero. "Mfuti ya chiwaya imodzi. Enawo ntchito yawo yaikulu n'kuinyamulira zipolopolo ndi kuiteteza. Timagulu timeneti tikaphatikizana tingapo ndiye pulatuni. Mapulatuni atatu, kampani. Makampani anayi, bataliyoni. Mabataliyoni atatu, rejimenti. Marejimenti atatu oyenda pansi, ndi ina ya mizinga. Pamwamba pa zonsezo munthu mmodzi, jenerale. Ine ndinamuona kamodzi kokha, akudutsa pagalimoto."

Kumayambiriro kwa nkhondo, anatero, divizhoni yodzaza inkakhala ndi amuna oposa zikwi khumi ndi zisanu. Koma chimene chinkawasangalatsa kufotokoza sanali omenya nkhondo. Chala chawo chinkapita m'mbali mwa pepalalo, kumene kunali timabokosi ting'onoting'ono. Aka n'ka omanga ndi kuphwasula milatho. Aka n'ka oyala mawaya a telefoni. Aka n'ka madokotala. Aka n'ka ophika buledi, okhala ndi mauvuni awo oyenda pa mateyala. Aka n'ka opha ng'ombe ndi nkhumba. Aka n'ka positi. Aka n'ka madokotala a mahatchi.

"Mahatchi?" ndinafunsa tsiku loyamba. "Ine ndimayesa munali ndi akasinja."

"Aliyense amayesa choncho, chifukwa n'zimene ankajambula. Ife tinkayenda wapansi, mayi. Kuchoka pa siteshoni ya sitima mpaka kumene mfuti zinkalirira, wapansi. Mizinga, ufa, zipolopolo, makhitchini, ovulala, zonse pa mahatchi. Divizhoni imodzi inkakhala ndi mahatchi pafupifupi zikwi zisanu. Ndipo hatchi imadya tsiku lililonse, kaya kuli nkhondo kaya kulibe."

Iwo anali woyendetsa ngolo. Anakulira pafamu, ndiye atawaitana ku usilikali ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, sajeni anangoyang'ana manja awo n'kuwatumiza ku mahatchi. Anawapatsa awiri ndi ngolo imodzi, m'gulu lotutira katundu wa bataliyoni. Ankakumbukira mtundu wa hatchi iliyonse, imene inkaluma, imene inkaopa madzi, imene inafa ndi chifuwa. Mayina a anzawo ambiri anali atawaiwala.

Pang'onopang'ono, pa miyezi ingapo, ndinamva mbiri yonse. Divizhoniyo inasonkhanitsidwa kuchokera m'chigawo chimodzi, ndipo olowa m'malo mwa akufa ankachokeranso komweko. Akuluakulu ankati anthu olankhula mofanana amamenya bwino limodzi. Koma bataliyoni ikapululuka tsiku limodzi, makalata a maliro ankafika m'midzi imodzimodziyo sabata imodzi. Mayi awo anawalembera kuti wapositi wa kwawo anayamba kuyenda atazyolika, ndipo azimayi akamuona ankalowa m'nyumba. Msilikali aliyense ankavala kachitsulo m'khosi kokhala ndi mzere pakati. Akafa ankakathyola, theka n'kumusiyira, theka n'kupita ku ofesi. Bambowo ananyamulapo thumba la timatheka timeneto pansi pa mpando wa ngolo.

Iwo asanalowe, divizhoniyo inali itadutsa kale ku Poland ndi ku Falansa. Anaipeza ku Rasha itachepa. Papepala timabokosi tinali tonse, koma kampani imene inayenera kukhala ndi amuna oposa zana inkadya chakudya chokwana mphika umodzi. Kenako akuluakulu anachotsa bataliyoni imodzi pa rejimenti iliyonse, n'kunena kuti ndi dongosolo latsopano. Bomba litawang'amba ntchafu anawatumiza kuchipatala kwawo, ndipo ali chigonere kumeneko divizhoni yonse inazingidwa n'kutha psiti. Anabwerako ochepa kwambiri.

"Koma nambala ya divizhoni siifa," anatero. "Anatenga nambala yathu n'kuipereka kwa anthu ena. Ana a sukulu, asilikali a ndege opanda ndege, a panyanja opanda sitima, madoda odwala m'mimba. Ine nditachira anandiika momwemo. Ankanditcha wakale. Ndinali ndi zaka makumi awiri."

Divizhoni yatsopanoyo anaitumiza kumadzulo, ndipo sinakhalitse. Bambowo anakweza manja m'munda wina wamatope, pamaso pa asilikali olankhula Chingerezi chimene sanachimvepo. Anali a ku Scotland. Anawabweretsa kuno ku kampu ya akaidi a nkhondo, n'kumawatumiza kukalima kwa mlimi wina amene anali ndi mahatchi. Nkhondo itatha, kwawo kunali kutagwera m'dziko lina, famu ili ndi eni atsopano, mayi awo osadziwika kumene anafera. Anatsala. Anakwatira mtsikana wa ku Glasgow amene abale ake anakana kubwera ku ukwati. Anagwira ntchito yogulitsa malasha pa ngolo ya hatchi m'misewu ya Partick, mpaka ngolo zitatha n'kubwera malole.

Ndinene zoona, ndinayamba kuwakonda. Mwa onse amene ndinkawayendera, ndi iwo okha ankandifunsa ngati ndadya. Mwana wanga atadwala anakumbukira kufunsa za iye sabata yonse. Ndinkaganiza za mnzanga wa ku Poland uja n'kumati mumtima, komatu anali mwana, ndiponso anali wa ngolo chabe.

Anali ndi mwana mmodzi, mayi wa zaka za m'ma sikisite, mphunzitsi wopuma, wokhala ku Shawlands. Ankabwera Lachitatu ndi Lamlungu atanyamula zogula. Anali mayi wachete, wokonda kupukuta zinthu zoyera kale. Atapuma ntchito anayamba kufufuza mbiri ya banja. Analemba makalata ku Jeremani, n'kumawerenga mabuku a akatswiri a mbiri. Lachitatu lina m'mwezi wa Novembala ndinawapeza awiriwo ali chete, mayiyo ataimirira, mapepala ali m'manja. Ndinalowa m'khitchini, koma fulatiyo inali yaing'ono.

"Adadi, pano alemba kuti divizhoni yanu inatentha midzi pobwerera. Osati umodzi. Munaliko nthawi imeneyo. Ndawerengera miyezi yake."

"Ine ndinali wa mahatchi."

"Zimenezo mwandiuza moyo wanga wonse. Ndikufunsa zimene munaona."

"Ndinkaona kumbuyo kwa hatchi."

Mayiyo anaika mapepala m'chikwama, n'kuwapsompsona pamutu monga ankachitira nthawi zonse, n'kutuluka. Ndinamva mapazi ake akutsika masitepe onse mpaka chitseko cha pansi chitamenyeka.

Kunja kunkagwa kamvula kaja ka kuno kosaleka. Ndinabweretsa supu. Sanaikhudze.

"Mayi, tatsegulani bukulo. Osati kumapeto. Pali katikiti ka basi penapake pakati."

Ndinakapeza, kakale, kachikasu. Anandiuza kuti ndiyang'ane tsamba lakumanja, pansi penipeni, ndime yaifupi.

"Ili ndi mizere ingati?"

"Iwiri, bambo."

"Iwiri. Nkhondo yolimbirana kaphiri kamodzi anailemba masamba asanu ndi limodzi, ndi mapu omwe. Apa mizere iwiri."

Anandimasulira osaona. Mizereyo inkangonena kuti pobwerera m'mbuyo dera lonselo linasiyidwa lopanda kanthu monga analamulira, ndiponso kuti ulendowo unayenda mwadongosolo.

"Ndipo sananame," anatero. "Unayendadi mwadongosolo. Kabokosi kalikonse kanagwira ntchito yake."

Anayamba kulankhula akuyang'ana pawindo, mawu awo osakwera osatsika, ngati mmene ankafotokozera za mapulatuni. Lamulo linali lakuti adani akafika asapeze denga, chitsime, chakudya kapena munthu wotha kugwira ntchito. Kampani imodzi inkazinga mudzi m'mawa. Amuna ndi akazi amphamvu ankawasonkhanitsa pamsewu n'kuwayendetsa kumadzulo kuti azikakumba maenje. Ng'ombe zinkapita kwa opha nyama aja. Tirigu kwa ophika buledi. Amilatho aja ankabwera pomaliza ndi mafuta ndi mabomba, za nyumba ndi zitsime. Okalamba ndi ana aang'ono ankawasiya. Sinowo, chipale chofewa chija, anali atayamba kugwa.

"Nanga inu?" ndinafunsa. Sindikudziwa chifukwa chake ndinafunsa. Ndikanatha kutenga mbale n'kupita kukatsuka.

"Ngolo zinkalowa moto usanayatsidwe. Ife tinkatuta."

M'mudzi wina, anatero, analowa m'nyumba ya gogo wina wamkazi amene anali ndi ana awiri aang'ono, mwina zidzukulu. Mayi wa anawo anali atatengedwa kale, ali pamzere kumsewu. Mbatata inali m'dzenje pansi pa matabwa. Iwo ndi mnzawo anaitulutsa yonse, matumba asanu ndi limodzi. Gogoyo sanalire. Ankangowatsatira, kulowa nawo, kutuluka nawo, akulankhula motsitsa mawu zimene iwo sankamva. Atakweza thumba lomaliza anagwira m'mbali mwa ngolo ndi manja onse awiri. Kopolo wawo, amene ankawayang'anira, anam'menya zala ndi thako la mfuti. Sanasiye. Anam'menyanso.

"Kenako kopolo anati tiye. Ine ndinakwapula mahatchi. Gogoyo anakhwekhwerezeka pang'ono n'kugwa."

Ndinayesa amaliza.

"Zimenezo ndinalamulidwa. Ndakhala ndikudziuza choncho zaka zonsezi, ndipo n'zoona. Koma m'nyumbamo munali bulangete, lochindikala, loluka pamanja. Linali pamalo ogona anawo. Hatchi yanga imodzi inkatsokomola. Ndinabwerera n'kukalitenga. Limenelo palibe anandituma."

"Anawo anali pomwepo?"

"Anali pomwepo. Wamkuluyo ndiye anandithandiza kulisolola, chifukwa wamng'onoyo analikhalira. Ankaopa."

Ndinafunsa kuti midziyo inali ingati. Anati sankawerenga. Inali sabata ziwiri, tsiku lililonse. Ndinafunsa dzina la mudziwo. Anati sanalidziwe ngakhale tsiku limenelo.

"Sindinaombere munthu nkhondo yonse," anatero. "Mfuti yanga inkangokhala pansi pa mpando. Akazi anga anamwalira akudziwa zokhazo."

Ndinatenthetsanso supu, n'kuwaikira supuni m'manja, n'kulemba m'faelo kuti adya pang'ono. Pa masitepe ndinakhala pansi kaye.

Chimene bambowo sankadziwa n'chakuti ine anthu a m'midzi yotere ndinawaona. Kwathu msewu waukulu ndiwo malire, tsidya linalo ndi Mozambique. Ndili ndi zaka ngati khumi, nkhondo ya kumeneko itakula, tinkaona utsi kuseri kwa mapiri, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri anthu ankayamba kutulukira pamsewu. Mayi wina anafika pakhomo pathu ndi mwana kumbuyo, atavala thumba la feteleza. Mapazi ake anali atang'ambika moti ankasiya magazi pakhonde. Mayi anga anam'patsa kanyumba kathu kosungiramo makasu. Atayamba kulankhula, patapita masiku, sananene zambiri za moto kapena mfuti. Ankangobwereza za mbuzi zake ndi chimanga chake, momwe anthu a mfuti anachitutira mosafulumira, akucheza, wina akuimba mluzu, ndi momwe wina anabwerera kudzam'vula chitenje. Ine ndinkamvetsera ndili kuseri kwa nkhokwe. Kwa zaka zambiri ndinkayesa kuganiza kuti munthu wobwerera chitenje uja anali ndi nkhope yotani. Sindinaganizepo kuti angakhale munthu wofunsa ngati ndadya.

Malamulo a ntchito yathu salola kukamba za anthu amene timawasamalira. Sindinauze amuna anga. Lamlungu kutchalitchi tinaimba, tinapemphera, anzanga anandifunsa ngati ndikudwala. Ndinatenga foni kangapo kuti ndiimbire ku ofesi andichotseko, koma sindinaimbe. Sindinganene kuti chinali chifundo. Mwina ndinkangofuna kuwaonanso nkhope.

Lolemba, shifiti yanga itakwananso, ndinapita. Ndikulemba izi chifukwa ndinalonjeza mumtima kuti sindidzibisa. Madzi osamba ndinawasiya ozizirirapo kuposa masiku onse, ndikudziwa. Powapukuta ndinakhuta thaulo mwamphamvu pakhungu lopyapyala ngati pepala, mpaka pamkono panafiira. Iwo ananjenjemera, mano akugundana. Anangogwira chitsulo cha m'bafa n'kuweramitsa mutu. Nditaona kufiirako ndinachita manyazi aakulu. Munthu wa zaka makumi asanu ndi anayi, wamaliseche, wosatha kudziteteza, ndipo ine ndi amene ndinali ndi mphamvu m'chipindamo. Ndinawafunditsa, ndinayatsa hita, ndinawapaka mafuta pamkonopo.

"Pepani, bambo," ndinatero.

"Mwabweranso," anatero. "Sindimayembekezera."

Masana ake ndinawauza za mayi wa ku Mozambique uja. Ndinawauza zonse, za thumba la feteleza, za mluzu, za chitenje. Anamvetsera manja ali pa mawondo.

"Anakhala moyo?"

"Mayiyo anakhala. Nkhondo itatha anabwerera kwawo. Mwana uja anamwalira sabata yachiwiri. Anaikidwa kumanda a kwathu."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanapepese, ndipo ine sindinafune kuti apepese kwa ine. Sindine amene anandilanda bulangete.

Kuyambira pamenepo tsamba lopinda lija sanandipemphenso kuti ndilitsegule. Za ng'ombe za bambo anga sitinakambenso. Ndinkagwira ntchito yanga bwinobwino, madzi ofunda, mankhwala pa nthawi yake, koma kucheza kuja kunatha. Khirisimasi itayandikira anandiitana ndikuvala jasi kuti ndizipita.

"Mayi, ndikadzafa mudzamuuze mwana wanga."

"Ayi, bambo. Mumuuze nokha. Amabwera kawiri pa sabata."

"Akamva sadzabweranso."

"Mwina. Koma wafunsa inu, osati ine."

Anayesa. Ndikudziwa chifukwa ndinalipo, Lamlungu lina mu Januwale pamene ndinagwirizira shifiti ya mnzanga. Anauza mwana wawo kuti akhale pansi, ali ndi mawu. Mayiyo anakhala m'mphepete mwa sofa, chikwama chili pamiyendo. Ine ndinali m'khitchini, mpope ndinautseka kuti ndimve. Bambowo anati kuti amvetse bwino ayenera kudziwa kaye mmene zinthu zinkayendera. Anayamba ndi amuna khumi ndi mfuti ya chiwaya. Anakwera mpaka pa bataliyoni, mpaka pa rejimenti. Anafotokoza za ophika buledi ndi za madokotala a mahatchi. Anafika pa sinowo woyamba wa chaka chija, n'kuyamba kunena za mmene ankasulira nsapato za mahatchi kuti asaterereke. Mpweya unayamba kuwathera. Anapempha madzi. Atamwa anati atopa, adzapitiriza tsiku lina.

"Chabwino, adadi," anatero mayiyo. Anatenga kapu n'kubwera nayo kukhitchini. Anaitsuka nthawi yaitali osandiyang'ana.

Tsiku linalo silinafike. Patapita sabata ziwiri ndinawapeza m'mawa akupuma movutika, thupi likutentha. Ndinaimba ambulansi. Anyamata a ambulansiwo anawatsitsa masitepe onse aja pampando, iwo akuwapepesa chifukwa cholemera. Chinali chibayo. Anakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Ndinamva kuti chakumapeto Chingerezi chinawathawa, ankangolankhula Chijeremani, ndipo pa wodi panalibe wochimva, ngakhale mwana wawo.

Kumaliro tinalipo ochepa: mwana wawo ndi amuna ake, anthu awiri okhala nawo nyumba imodzi, mkulu wina amene ankagwira nawo ntchito pa malole, ndi ine. Mbusa ananena za munthu wofatsa, wolimbikira, wokonda nyama, amene anabwera ngati mdani n'kukhala mnansi. Palibe chimene ananama. Mwambo wonse sunakwane theka la ola, chifukwa maliro ena ankadikira panja.

Patapita sabata mayi uja anandiimbira kuti ndikatenge magolovesi ndi zina za ku ofesi zimene zinatsalira m'bafa. Ndinamupeza ali pakati pa makatoni, makatani atachotsedwa, mpando uja utapita kale. Anandipangira tiyi m'makapu awiri okhawo amene anali asanapakire. Tinamwa titaimirira.

"Anakuuzani, eti?" anatero. "Tsiku lija ndinamva mutatseka mpope."

Ndinaganiza za malamulo a ku ofesi. Ndinaganizanso kuti mwini nkhani anandipempha yekha, ndipo ndinakana ali moyo chifukwa panali njira ina. Tsopano panalibe.

"Anandiuza, mayi. Anandipemphanso kuti ndidzakuuzeni. Koma mukanena kuti ayi, ndisiya."

"Nenani."

Ndinanena monga ananenera iwo, osachotsa osawonjezera. Kampani yozinga mudzi, mzere wa anthu pamsewu, matumba asanu ndi limodzi, zala za gogo uja, chikwapu. Pa bulangete ndinaima pang'ono, koma ndinanena, ndi za mwana wamkulu amene anathandiza kulisolola. Mayiyo anaika kapu pa katoni. Sanalire. Khosi lake linafiira mpaka m'makutu.

"Ine ndili mwana," anatero, "ankadzuka kudzaona ngati ndafunda. Ngakhale nthawi yotentha. Amayi ankawaseka."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Anatchula dzina la mudziwo?"

"Anati sanalidziwe."

"Chigawo chake? Mtsinje? Chilichonse?"

"Ayi, mayi. Anangoti inali sabata ziwiri, tsiku lililonse."

Anatenga cholembera m'chikwama n'kundipempha kuti ndibwereze kuyambira poyamba, pang'onopang'ono. Analemba kuseri kwa envulopu ya kalata ya magetsi, itadzaza anatenga ina. Anandifunsa kawiri za zaka za anawo, ndinati sananene. Atamaliza anapinda maenvulopuwo n'kuwaika m'thumba la jasi. Anati ali ndi ana awiri ndi mdzukulu, ndipo sakudziwa ngati adzawaonetse.

Nthawi inali itandithera. Mayi wina wodwala shuga ankandidikira ku Shawlands kuti ndikamupatse chakudya cha masana. Ndinatenga magolovesi anga. Mayi uja anandiperekeza mpaka pachitseko, anandigwira dzanja, koma sanathokoze, ndipo ndinaona kuti n'zoyenera. Ndikutsika ndinamva akukoka tepi, kumata katoni ina.